Mbalame za m'madimba a ku Mzuzu, mvula ili pafupi

Lolemba

Basi yochokera ku Lilongwe yanditula pa depoti ya Mzuzu dzuwa litapendeka, miyendo itachita dzanzi. Ku Kasungu kunali ng'amba yeniyeni ya Okutobala, anthu akudzikupiza ndi matikiti, koma titapitirira Jenda n'kuyamba kukwera mapiri a Viphya mawindo anayamba kutsekedwa limodzilimodzi. Pa Chikangawa maso anga anali kunja. Nkhalango ya paini ija, ya mahekitala oposa 50,000, malo ambiri yatsala zitsa ndi lupsa. Mbalame zimene ndinaona ndi akhwangwala basi. Koma ngakhale paini akanakhalapo yense, si mtengo woitana mbalame: alibe chipatso, alibe duwa la timadzi, ndipo pansi pake sipamera kanthu.

Ndafikira kwa azakhali cha ku Lupaso, kunja kwa tauni. Kwawo ndi ku Dedza, anabwera kuno kalekale ndi malemu amuna awo kudzagwira ntchito, ndipo sanabwererenso. M'dera lawoli muli mabanja angapo ochokera ku Dedza, Ntcheu ndi Dowa, moti pa mjigo Chichewa ndi Chitumbuka zimangosinthana.

"Inu aPhiri, mtunda wonsewu mwayendera mbalame? Si maliro, si chinkhoswe?"

"Mbalame basi, azakhali."

"Chabwino. Mawa mudzanyamule kheni, muzikaziona mukuthirira."

Lachiwiri

Mzuzu ili pamwamba, mamita oposa 1,200, ndiye m'bandakucha umafuna juzi ngakhale mwezi uno. Chandidzutsa si tambala ayi, koma mbalame ina imene inali mumpanda kuseri kwa bafa. Imayamba motsitsa kwambiri, kenako imabwereza mawu omwewo ikukweza, ikufulumira, mpaka nyumba yonse imve, basi n'kungoti zii. Ikapuma pang'ono iyambirenso. Kutayera ndinaiona: chifuwa cha mtundu wa lalanje, mutu wakuda, mzere woyera pamwamba pa diso. M'mabuku a mbalame amailemba kuti white-browed robin-chat. Imadyera pansi, kutembenuza masamba ouma kufuna chiswe, nyerere ndi tizilombo tina, choncho imakhala pamene pali zitsamba zowirira ndi zinyalala za mitengo. Pabwalo losesedwa mbee simungaipeze.

Dimba la azakhali lili kumunsi, m'dambo la kamtsinje kamene sikaphwa. Mlangizi ataliona akhoza kupukusa mutu. Mabedi a mpiru, repu ndi chayinizi alipo ndithu, tomato womangirira ku timitengo, chimanga chachiwisi chimene chayamba ngayaye, koma maungu akuyanga paliponse, bonongwe ndi chisoso sazula chifukwa ndi ndiwo, ndipo m'mphepete monse ndi chisokonezo chokhachokha: nzimbe, nthochi, magwafa, mtengo wa mabulosi, deliya, nsenjere, kenako bango mpaka kumadzi. M'chisokonezo chimenecho ndi mmene muli mbalame.

Woyamba kundilonjera anali pumbwa, wa kansonga kakuda kumutu ndi chikasu pansi pa mchira. Alibe manyazi. Anali pa mabulosi, ine ndili pafupi ndi kheni, iye osatekeseka. Azakhali samutchula ndi dzina, amangoti "wakuba uja". Amajompha tomato wakupsa, amaboola mapapaya, ndipo magwafa amene amamera okha m'mphepete mwa njira ndi ntchito ya iyeyu, chifukwa njere zimatuluka zamoyo m'chitosi chake. Koma ndamuonanso akuwakha tizilombo m'malere, ndipo ana ake amawalera ndi mbozi ndi ziwala zing'onozing'ono.

Amene wandidyera nthawi ndi timba. Kanthu kosakwana magalamu 10, kamchira kali m'mwamba, kakulowa pansi pa masamba a repu, kutulukira mbali ina, kulowanso. Ndinatula kheni n'kukhala pa mlambala kuti ndione chimene kakutola. Ndi timbozi tobiriwira tija timaboola masamba, ndi nsabwe za m'masamba zimene zimaunjikana kunsi kwa tsamba kumene ife sitiyang'ana. Kanayenda mzere wonse, tsamba ndi tsamba. Ndikayandikira kunsenjere kamandikalipira mwaukali, zimene zikusonyeza kuti kali ndi chisa kumeneko. Akuluakulu sananame, timba sachepa ndi mazira ake.

M'chitsamba cha deliya munkamveka mwiyo. Ukamamvera umayesa ndi mbalame imodzi, koma ndi ziwiri: ina imayamba ndi mluzu wozama, inzake imayankha nthawi yomweyo osasiya mpata. Mapingo anali pa udzu wanjere, gulu lonse kunyamukira limodzi munthu akatsokomola. Choso anali pa duwa la nthochi, khosi likung'anima akatembenukira kudzuwa.

Azakhali anaima atagwira m'chiuno. "Mbalame zanuzo n'zimenezi? Ine ndimayesa mukufuna za ku Nyika zimene amaonera azungu."

Maganizo amenewa ndi a anthu ambiri, kuti mbalame zoyenera kuonedwa zili ku Nyika, ku Vwaza kapena ku Liwonde, kolipira pageti. Dziko lathu lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo yambiri ndithu imakhala m'minda, m'madambo ndi m'midzi. Ine m'mawa umodzi wokhawu ndadzaza tsamba la kope ndisanachoke pa dimba limodzi.

Lachitatu

Lero tsiku lonse latha ndi atchete. Amanga mudzi wawo kumapeto kwa dimba, ena pa bango, ena pa nthambi za mtengo wowerama pamwamba pa dziwe. Phokoso lake umalimva uli kumtunda.

Womanga ndi wamwamuna, wachikasu, mutu wakuda, diso lofiira. Amatera pa tsamba la bango kapena la nsenjere, n'kuluma m'mphepete mwake, kenako n'kuuluka atagwira pomwepo, tsamba n'kung'ambika kachingwe kataliatali. Kachingwe koyamba amakamanga pansonga ya nthambi, phazi likupondereza, mlomo ukulowetsa ndi kukoka. Amayamba ndi mkombero, n'kuima pakati pake, n'kumaluka chipinda kutsogolo kwake, khomo n'kuliloza pansi. Zingwe zimafunika zaziwisi chifukwa zouma zimathyoka. Chisa chonse chimatenga zingwe mazana angapo ndipo wolimbika amachimaliza pa tsiku limodzi. Kuchiika pansonga yolendewera pamadzi, khomo lili pansi, n'kuchenjerera njoka.

Akamaliza amalendewera pakhomo chadodolido, akukupiza mapiko, akulira mosalekeza. Wamkazi amabwera, wosawala, wamtundu wa udzu wouma. Amalowa, amakoka zingwe apa ndi apo, n'kutuluka. Akakhutira amayamba kuyala mkati ndi ngayaye za udzu zofewa. Akapanda kukhutira amangouluka, ndipo chisa chikayamba kufota chisanapeze mwini, mwamuna uja amachiphwasula yekha n'kuyambiranso pomwepo. Pansi pa mtengowo pali zisa zogwa zambirimbiri.

Msuweni wanga, mwana wa azakhali amene ali ndi dimba lake kumtunda, anandipeza ndili chikhalire.

"Asuweni, mukuona chikamwini chimenecho? Umange nyumba, akazi ayendere, akane, ugumule. Inu munakwatira ku Ntcheu, mukuzidziwa bwino."

Sindinamuyankhe, chisuweni n'chomwecho, ukayankha umaonjezera nkhuni.

Chakumasana atchete onse anadzuka ndi mkwiyo kuthamangitsa mbalame ina yobiriwira mong'anima, yoyera kumimba. Ndi ya mtundu wa mbalame zoikira m'zisa za eni, zimene m'mabuku amati cuckoo, ndipo iyi amaitcha diederik. Simanga chisa. Yaikazi imadikira mwini atachokapo, imalowa, n'kuchotsa dzira limodzi, n'kuikira lake. Mwana wake akaswa amakankhira kunja mazira kapena ana a mwini nyumba, n'kutsala yekha kudyetsedwa. Atchete nawo ali ndi nzeru yawo: mazira a wamkazi aliyense ali ndi mtundu ndi maanga akeake, ena oyera, ena obiriwira, ena amathothomathotho, choncho dzira lachilendo likasiyana ndi ake amalizindikira n'kulitaya.

Azakhali atchete sawakonda. Amang'amba masamba a nzimbe, ndipo chimanga chikayamba kukhwima amasenda nsonga ya chisononkho n'kudya njere zamkaka. Kumunda kwa mapira kapena mpunga ndiye nkhondo. Dandaulo lawo ndi loona. Chimene ndinawaonetsa ndi cha m'milomo ya aakazi amene ayamba kale kulera: akamalowa m'zisa anyamula ziwala ndi mbozi. Mbalame zambiri zodya njere ana ake zimawadyetsa tizilombo, chifukwa mwana wongoswa sakula ndi njere zokha. Anayang'ana, n'kunena kuti, "Ndiye azilipira chimanga changa ndi mbozi," n'kupitiriza kupalira.

Lachinayi

Ndinapita m'tauni pa kabaza kukagula mchere, sopo ndi usipa wa azakhali. Kumsika masuku afika, amayi akugulitsa m'mabeseni. Mzuzu ndi mzinda wachichepere: unayamba m'ma 1940 ngati esiteti ya tung, mitengo ya njere zoyengera mafuta, ndipo unakhala mzinda mu 1985. Umakula mothamanga, nyumba zikutsikira m'madambo mmene kale munali madimba. Mbalame za m'tauni ndi akhwangwala pa zinyalala ndi mpheta za m'madenga a sitolo, zimene si zakuno kwenikweni: makolo ake anabwera ndi anthu ku South Africa, ndipo kuno zinafika m'ma 1960.

Pobwerera, cha ku Luwinga, ndinamuuza wakabaza kuti aime. Pa mawaya a magetsi panali anamzeze mzere wautali, akhosi lofiirira, msana wakuda mobiriwira, mimba yoyera. Awa ndi alendo, angofika kumene. Amaswa ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo kumeneko kukayamba kuzizira tizilombo touluka timasowa, ndiye amatsikira kuno. Kambalame ka magalamu pafupifupi 20 kamadutsa nyanja ya Mediterranean ndi chipululu cha Sahara. Kale anthu a ku Ulaya ankakhulupirira kuti anamzeze amabisala m'matope pansi pa maiwe nyengo yozizira. Umboni weniweni wakuti amabwera kuno ku Africa unapezeka mu Disembala 1912, pamene namzeze wovekedwa kamphete ku mwendo ku Staffordshire, England, mu 1911, anapezeka ku Natal, South Africa.

Kuno samanga. Amene amamata zisa zadothi m'makonde athu, m'matchalitchi ndi pansi pa milatho ndi anamzeze akwathu konkuno, ena amizeremizere pachifuwa, ena a timichira tiwiri tonga waya. Alendowa adzanyamuka mu Epulo ife tikukonzekera kukolola, ndipo adzafika kwawo mitengo ikuphuka masamba, alimi akumeneko akudzala, n'kukamanga m'makola a ng'ombe ndi m'mashedi a kumafamu. Anthu akumeneko amawadikira ndi chidwi, woona woyamba amauza anzake. Ife timawaona ngati chizindikiro chakuti mvula yayandikira, tikonze mbewu.

Madzulo kudimba ndinapeza mlendo wina, kambalame kotuwa kokhala tsonga pa kamtengo ka tomato. Kamanyamuka, kuwakha ntchentche, n'kubwerera pa kamtengo komweko. Ndi spotted flycatcher, nayonso ya ku Ulaya, kumene imaswa m'minda ya maluwa ya m'midzi. M'magwafa munali mlendo winanso, willow warbler, wolemera ngati timba yemwe uja, koma woyenda makilomita masauzande.

Lachisanu

Msuweni ananditengera ku dimba lake. Mnyamatayu ndi mlimi weniweni, tisamunyoze. Mabedi owongoka ndi chingwe, tomato yekhayekha mbali ina, kabichi mbali ina, pampu ya injini, udzu ngakhale umodzi palibe. Mpanda wa zitsamba anadula chifukwa umabisa mbewa ndiponso umachita mthunzi. Amapopera mankhwala sabata ndi sabata, sipuleya kumsana, pakamwa atamanga kansalu. Ndalama amapeza, ana ake ali pasukulu yolipira, ndipo mavenda ochokera m'tauni amamulondola kudimba komweko.

Koma kuli chete. Nthawi yonse imene tinakhalako ndinaona njiwa zikudutsa m'mwamba ndi pumbwa mmodzi amene anatera pa paipi, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kubwerera kwa azakhali. Timba kulibe. Palibe poti abisale, palibe poti amange, palibe choti adye.

"Asuweni, mbalame sizilipira fizi," anatero.

Sindingamutsutse pa fizi. Sindinganenenso kuti timba angathetse ntchemberezandonda. Mbozi imeneyi inachokera ku America, inaoneka mu Africa mu 2016, ndipo pofika Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha iyo. Imabisala mkati mwenimweni mwa nsonga ya chimanga mmene mbalame zambiri sizifika. Azakhali amathiramo dothi kapena phulusa, nthawi zina msuzi wa usipa kuti uitane nyerere zidzaidye. Mbalame zimangothandizapo, zimatola zimene zili poyera ndi agulugufe ake.

Chimene ndinamuuza ndi cha kwawo kwa anamzeze aja. Kumeneko njira ya ulimi imene iye wayambayi anaitsata mpaka kumapeto: minda ikuluikulu ya mbewu imodzi, mipanda ya zitsamba kuzulidwa kuti mathirakitala adutse, mankhwala ophera tizilombo ndi udzu, feteleza wambiri. Pakati pa 1980 ndi 2016 mbalame za m'minda ku Ulaya zinachepa ndi 57 pa 100 zilizonse, ndipo ofufuza anapeza kuti chifukwa chachikulu ndi mankhwala ndi fetelezayo. Lero maboma akumeneko amalipira alimi kuti asiye kamzere ka thengo m'mphepete mwa munda ndi kubzalanso mipanda imene makolo awo anazula. Chimene iwo akugula ndi ndalama, azakhali ali nacho chaulere.

Anaseka. "Ndiye auzeni azunguwo adzandilipire inenso."

Pobwerera tinakumana ndi anyamata atatu, malegeni m'khosi, wina atanyamula timitengo topaka ulimbo kuti akatchere pa dziwe pomwera mbalame. M'thumba munali mapingo angapo. Ambirife tinakulira momwemo, ndipo kwa mwana amene kwawo ndiwo ndi masamba tsiku ndi tsiku, kambalame kootcha ndi nyama. Ine legeni sindiiopa kwambiri. Inalipo kuyambira makolo ndipo mbalame sizinathe. Mwana amapha imodzi, zinzake n'kuchenjera. Chikwanje chodula mpanda ndi moto wotentha dambo zimachotsa zonse pamodzi, ndi mazira omwe. Ndinangowapempha kuti zisa azisiye, ndipo wamkulu mwa iwo anati, "Ankolo, za m'chisa sitigwira, agogo amakalipa." Kaya ananena zoona, kaya amafuna ndiwapatse ya mandasi.

Loweruka

Kuyambira usiku mbalame ina yakhala ikulira mawu atatu otsika, kubwerezabwereza osatopa, ili pamwamba pa mtengo wa mapeyala koma osaoneka. Ndi cuckoo winanso, wachifuwa chofiira, amene amafika miyezi ino kuchokera kumadera a pakati pa Africa. Azakhali akuti ikayamba kulira chonchi, khasu likhale pafupi. Iyinso ndi yoikira m'zisa za eni, ndipo imene imavutika kawirikawiri ndi woimba wa kuseri kwa bafa uja.

M'mawa monse kunali chifundizi. Nyenje zikulira, masamba a maungu atagona. Dzuwa litapendeka mitambo inaunjikana cha ku Kaning'ina, mphepo inasintha, ndipo inabwera mvula yeniyeni, yamadontho akuluakulu, yoposa chizimalupsa wamba. Tinathawira pakhonde. Inagwa mwina ola lathunthu.

Itakata, pa chulu cha kuseri kwa khola panayamba kutuluka ngumbi. Poyamba imodziimodzi, kenako utsi weniweni wa mapiko. Zimene zinachitika pamenepo ndi zimene ndinadzera ku Mzuzu, ngakhale ndinalibe njira yozipanganira. Anamzeze anatsika kuchokera kumene anali, akudutsa pafupi ndi mitu yathu, kumveka kuti thapu, thapu, milomo ikutseka. Apumbwa anaiwala mabulosi. Atchete anasiya zomanga, amuna ndi akazi omwe, akudumpha m'malere movutikira chifukwa kuwakha si luso lawo. Mapingo, odya njere enieni, anali pansi kutola zogwa. Ngakhale choso anasiya maluwa. Woimba wamanyazi uja anatuluka mumpanda kufika pabwalo poyera, kutola imodzi, kuthawira m'chitsamba, kubweranso. Nkhuku zinkathamanga mosadziwa kolowera, achule anatulukira, ndipo adzukulu a azakhali anali pakati pa zonsezi ndi mbale ya madzi.

Ngumbi zili ndi mafuta ambiri, ndipo mbalame zambiri zakuno zimayamba kuswa mvula ikamayamba, kuti ana apeze tizilombo tochuluka. Alendo ochokera kutali nawonso amafika pa nthawi yomweyi atatha mafuta a m'thupi panjira.

Mfumu ya phwandolo inali nthengu. Wakuda bii, mchira wamphanda, atakhala pansonga ya bulugamu. Amasankha ngumbi imene akufuna, amatsika mopinda thupi, n'kubwerera pamalo pake. Kabawi atabwera kudzazungulira, nayenso akuwakha ngumbi ndi zikhadabo n'kumadyera m'malere, nthengu anamupita kumsana, kumujompha m'mutu mpaka kumuperekeza kutsidya kwa dambo. Azakhali nthengu amamulemekeza pa chifukwa chimenechi, akuti pamene pali iye anapiye amakula. Koma ndi tambwali: amatha kulira kulira kochenjeza pamene palibe choopsa, mbalame zina n'kutaya chakudya pothawa, iye n'kutola.

Usiku tadya nsima ya ngumbi zokazinga ndi nkhwani wotendera. Magetsi anazima mvula itangoyamba, sanabwerebe, ndikulemba ndi tochi ya foni.

Lamulungu

Titaweruka ku tchalitchi tinatsikira kudimba kukaona zimene mvula yachita. Mabedi awiri a chayinizi akokoloka, zisa zina za atchete zagwa, koma eni ake ayamba kale kung'amba bango latsopano. M'nsenjere muli timagulu ta mbalame zotuwa zosaoneka bwino. Azakhali akuti ndidzabwerenso mu Januwale ndidzazione: amuna ake adzakhala atavala, ena ofiira ndi akuda, ena achikasu kumsana, ena a michira italiitali, akuuluka pamwamba pa udzu aliyense pa kadera kake.

Nkhani inabuka pa nsima ya masana. Msuweni akufuna kubwereka mbali ya kumunsi ya dimba la mayi ake, ya bango ija, kuti atenthe, agalauze, adzale kabichi wa chilimwe chamawa. Dothi la pamenepo ndi lakuda, lachinyontho chaka chonse. Anawerengetsa mitu ya kabichi ndi mtengo wake, ndipo masamu ake anali omveka.

Ine ndinali mlendo, ndinangoti ndimve. Azakhali sanatchule mbalame ngakhale kamodzi. Anati bango limenelo ndi limene limagwira dothi madzi akasefukira mu Epulo, pakuti mvula ya ku Mzuzu imachedwa kutha. Anati mphasa za m'nyumba muno ndi timitengo ta tomato zimachokera pomwepo, ndi kuti dimba la mnzawo wina kumunsi linasanduka ngalande atangochotsa bango.

"Amayi, theka lokha."

"Theka lake liti? Madzi amadziwa theka?"

Anakambirana mpaka nsima kuzizira. Pomaliza anagwirizana kuti atenge kachigawo ka kumtunda kwa dziwe kumene kuli nsenjere, asatenthe koma adule ndi chikwanje, ndipo ayambe mu Meyi madzi ataphwera. Bango ndi mtengo wa atchete zikhale. Msuweni sanakondwe kwenikweni, akuti kachigawoko n'kochepa ndipo adzayambiranso nkhaniyi akakolola. Kachigawo kameneko ndi kamene kali ndi chisa cha timba, koma pofika Meyi ana adzakhala atauluka kale.

Mawa ndikutsikira ku Nkhata Bay pa minibasi yoyamba. Azakhali andilongedzera mpiru, nzimbe ndi masuku oti ndikapatse apongozi awo a msuweni kumeneko, ndiye chikwama cha magalasi oonera patali chilowa m'jumbo.